Chimera Pakhomo pa Mkulu wa Mpingo

Atsikana ena chibwenzi chimawabweretsera maluwa. Ena mafuta onunkhira, ena foni yoti azijambulira milomo yawo. Tryphena Mhone chake chinamubweretsera thumba la mawere, n'kulitula pakati pa msika wa Nkhata Bay, pambali pa benchi limene amayi ake amagulitsirapo usipa, anthu onse akuona.

Mwini chikondicho anali Suzgo Gondwe, mnyamata wa kumapiri kuseri kwa Mzuzu. Ankayendetsa lole ya amalume ake, potsika kabichi ndi mbatatesi, pokwera nsomba zouma. Anali wamtali, wa mano ondandalikana bwino, ndipo potsika pa lole ija ankalumpha ngati munthu amene dziko silinamulakwirepo. Tryphena anamuona koyamba chaka chimene analemba mayeso a fomu folo, ndipo pomwepo anadziwa kuti moyo wake wayamba. M'mutu mwake zonse zinali zitakonzedwa kale: awiriwo ali pamwamba pa sitima ya Ilala, mphepo ikuulutsa diresi, Suzgo akumunong'oneza mawu oti munthu sungakawabwereze kwa amayi ako.

Kunong'oneza ankanong'oneza ndithu. Vuto linali nkhani yake. Nthawi ina Suzgo ananyamula mipando ya bungwe lina lophunzitsa za kadyedwe, ndipo podikira kuti msonkhano uthe aibwezere, anakhala kumbuyo n'kumva zonse. Anthu oitanidwa analandira chakudya chamasana n'kuiwala. Iye anatembenuka mtima. Kuyambira pamenepo mawere, amene kwawo amati lipoko, anakhala uthenga wake. Ankati timbewu tofiira timeneti tili ndi kashiyamu wolimbitsa mafupa kuposa chimanga kutalitali, tili ndi ayironi wowonjezera magazi, timakhalitsa m'mimba moti wodwala shuga sanjenjemera ndi njala, ndiponso anankafumbwe amatilephera ngakhale tikhale m'nkhokwe zaka. Ankati anthu ataya chuma cha makolo pothamangira ufa woyera wopanda kanthu. Za mapira ndi nthanga za bonongwe ankazisungira masiku apadera.

Tsiku lina anamuitana kuti akacheze pamiyala ya kuseri kwa doko, akuti wamubweretsera chinthu chapadera. Tryphena anabwereka diresi, anadzola zodzoladzola, anafika mtima uli m'mwamba. Chapaderacho chinali fulasiki ya phala la mawere ndi makapu awiri. Phalalo linali lokoma, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima kwambiri. Tsiku lomwelo Suzgo anamugwira nkhope kwa nthawi yoyamba. Tryphena anatsinzina kudikira zija zimachitika m'mafilimu. Suzgo anamukoka chikope cha m'munsi ndi chala, anayang'anitsitsa, n'kumuuza mwachifundo chachikulu kuti magazi ake ndi ochepa.

Anamukondabe, ndipo ankadzida nazo.

Chotchinga chinali ada ake, ndiko kunena bambo ake, a Lawrence Mhone, mkulu wa mpingo, mwini boti la injini ndi chilimila, ukonde wogwirira usipa. Ada Mhone ankati munthu amene sanagwedezedwepo ndi mwera pakati pa nyanja ndi wosapsa. Anthu a kumapiri ankawatcha osamba m'beseni. Anali atalengeza kale kumsika, kudoko ndi pabwalo la tchalitchi kuti mwana wawo sadzapita kukanjenjemera m'nkhungu n'kumadya nyemba chaka chonse pamene kwawo nsomba zimachita kudzibweretsa zokha. Banja la Suzgo litatumiza uthenga kuti thenga, munthu wodzapempha ukwati, adzafika Loweruka la kumapeto kwa mwezi, iwo anati abwere, adzamupatsa tiyi n'kumulozera pamene minibasi za ku Mzuzu zimaima.

Kwa Tryphena sizinali zoseketsa. Mayeso anakhoza koma malo ku koleji sanapezeke, ndipo masiku ake ankathera pa benchi akuingitsa ntchentche pa usipa, akumva sitima ikuliza hutala ponyamuka popanda iye. Ankafuna Suzgo, ndipo ankamufuna chaka chomwecho. Anamufunsapo kuti bwanji angomukweza pa lole n'kuthawa naye monga amachitira anyamata olimba mtima. Suzgo anati lole ndi ya amalume, ndipo potsika ndi pokwera pomwe imakhala yodzaza.

Thumba lija ndiye linali nzeru ya Suzgo yofewetsera mtima wa apongozi. Anali atamva kuti ada Mhone achipatala anawapeza ndi shuga, ndiponso kuti amayi ake a Tryphena, a NyaManda, amachita chizungulire akaimirira msanga. Anakauza ankhazi ake, mlongo wa bambo ake amene anamulera, ndipo iwo anatapa m'nkhokwe mawere osankhika.

"Akangodya phala lake, ukwati avomera okha," anatero Suzgo akupukuta thukuta, nkhope ikuwala ngati wabweretsa galimoto.

"Anzako popita kwa apongozi amanyamula bulangete ndi shuga. Iwe wanyamula chakudya cha nkhunda."

"Shugayo ndi amene akuwadwalitsa. Ndipo nkhunda unayamba waiona itagonekedwa m'chipatala?"

Amayi a mabenchi oyandikana anaseka mpaka wina anagumula mulu wa usipa. Wina anafunsa ngati malowolo adzakhale madeya. Tryphena anakweza thumbalo pa njinga yamoto ya kabaza, iye n'kutsatira wapansi, atafunda chitenje kumutu ngati wochokera kumaliro.

Ada Mhone atafika kunyumba analambalala thumbalo monga munthu amalambalalira galu wa eni ake. Anati iwo sanaone thumba lililonse, ndipo thumba limene sanalionelo lisalowe m'nyumba mwawo. Linakagona kuseri, pafupi ndi dilamu loviikamo chinangwa.

A NyaManda mawere ankawadziwa ngati kaufa kofiirira kogula pa kambale munthu akafuna kuphika thobwa. Athunthu, odzaza thumba, anali asanawagwirepo. Anatapa pang'ono, anatafuna, anakwinya nkhope n'kulavula. Anati muli kakhambi. Ndipo pakhomo pamenepo lamulo linali limodzi kuyambira kalekale, lakuti chowawa chimaviikidwa. Chinangwa chowawa ukachidya chosaviika chimakugoneka m'chipatala, ukachiviika chimasanduka kondowole, nsima yolera anthu. Mawere anali ndani kuti athawe dilamu?

"Anzathuwa kwawo madzi n'ngosowa," anatero mwachisoni. "N'chifukwa chake amangodya zinthu zosaviika."

Tryphena akanatha kuimbira foni Suzgo n'kufunsa. Koma kufunsa Suzgo funso limodzi la mawere kunali kutaya tsiku lonse, ndipo iye ankafuna phala lifike pakamwa pa ada ake Loweruka lija lisanakwane. Anathandiza kukhuthulira thumba lonse m'dilamu, n'kuthira madzi mpaka m'kamwa.

Atawavuula anawayala pa thandala kuti aume. Mvula ya ku Nkhata Bay, imene siwerenga kalendala, inasankha tsiku lomwelo. Anawaunjika msangamsanga, anawafunditsa masaka onyowa ndi pepala lapulasitiki, n'kudikira. Mvula nayo inadikira nawo limodzi. Itatopa, Tryphena anavundukula, ndipo anabwerera m'mbuyo. Kambewu kalikonse kanali katatulutsa kamchira koyera, timichirato titalukanalukana ngati ukonde wa msodzi waulesi. A NyaManda anayamba ayesa mphutsi. Koma mphutsi sizinunkhira choncho, kafungo kotsekemera, kofunda, kokhala ngati kakuitana munthu.

Kanaitanadi munthu. Mayi Susan a nyumba yoyandikana anabwera kudzabwereka sefa. Mayi amenewa asanatembenuke mtima ankafulula mowa ku Mzuzu, ndipo umboni wa mmene anapulumukira ankaupereka kutchalitchi chaka ndi chaka, madilamu a mu umboniwo akuchulukirachulukira. Anaima, anatukula mphuno, maso awo anadzaza misozi ya munthu amene wakumana ndi mnzake wakale.

"Ichi n'chimera," anatero. "Chimera chabwino, cha thumba lathunthu."

Anafunsa mwaulemu ngati pakhomopo pali ukwati. Panalibe. Kapena mwina akumanga chiliza cha malemu wina? Ayi. Khisimisi inali kutali. Mayi Susan anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati iwo saweruza munthu poti nawonso anachokera komweko, ndipo nkhaniyo ithera m'mimba mwawo. Sefa anaiiwala.

Mimba ya mayi Susan inali ndi makomo ambiri. Pofika masana amayi a usipa anali akudziwa kuti kwa mkulu wa mpingo kukufululidwa mowa. Nkhaniyo pofika kudoko inali itanenepa, akuti asodzi a ada Mhone akhala akulandira chipanda cha masese akakocheza. Pa siteji ya minibasi makondakitala anali atapereka kale dzina la malo omwerawo. Chidakwa china chodziwika m'tauni, chimene ada Mhone anachilalikira zaka zambiri osaphula kanthu, chinawaimitsa pamsewu, chinawavulira chipewa, n'kufunsa monong'ona kuti mowawo upsa liti. Kenako akulu anzawo a mpingo anatumiza mawu oti Lamulungu mapemphero akatha akufuna kucheza nawo pang'ono. Aliyense ankadziwa kuti kucheza pang'ono kwa akulu a mpingo kumathera pa benchi lakumbuyo la odulidwa.

Ada Mhone anaitana banja lonse pakhonde. Anati tsopano zaonekera poyera, osamba m'beseni aja anatchera msampha, anatumiza mbewu ya satana kuti ikamere pakhomo pa munthu wa Mulungu. Tryphena anagwada n'kunena kuti bwanji angouza anthu zoona, kuti inali mphatso ndipo anaiviika molakwitsa.

"Ndikaime pamaso pa mpingo," anatero ada ake, "ndikanene kuti ndinalandira mphatso kwa anthu amene ndinawakana pamsika? Ndikanenenso kuti pakhomo panga anaviika mawere ngati chinangwa, kuti minibasi zonse zikwere nayo nkhaniyo mpaka ku Mzuzu? Zinyalalazo ukazitaye m'nyanja. Ndipo thenga wawoyo ngakhale tiyi uja sadzamuona."

A NyaManda anangoti iwo anaviika bwinobwino, yolakwa ndi mbewuyo.

Tryphena anatapa chimera chodzaza dzanja n'kutsetsereka nacho kumsika, kumene Suzgo anali kutsitsa kabichi. M'njira anakonza mawu othetsera chibwenzi, mawu okongola, oti Suzgo adzawakumbukire atakalamba n'kulira. Atafika mawu onsewo anamuthawa, ndiye anangomuponyera chimeracho pachifuwa.

Suzgo anatola timbewuto, anatiyang'ana padzuwa, ndipo nkhope yake inachita zimene Tryphena ankayembekezera kuti idzachita tsiku lomuona atavala velo. Anati amayi a Tryphena ndi katswiri. Anati mawere akamera amamasula ayironi uja kuti thupi limutenge mosavuta, phala lake limapepuka moti mwana wongoyamba kudya amamwa osavutika, ndipo aphunzitsi a bungwe lija zimenezi anachita kujambula pa bolodi. Tryphena anamuuza kuti ada ake akudulidwa mumpingo, ukwati wafa, ndipo iye akhoza kukakwatira nkhokwe ya ankhazi ake. Suzgo anamva chisoni kwambiri, kwa kamphindi. Kenako anati n'zodabwitsa kuti anthu akuganiza za mowa, poti kwawo thumba lathunthu amalimeretsa kukakhala ukwati, lophikira chindongwa, thobwa la kwawo losaledzeretsa limene ngakhale abusa amamwa. Anati ankhazi ake akangoona chimera chambiri pakhomo pamene pali mtsikana safunsanso, amadziwa kuti mtsikanayo waperekedwa.

Anapitiriza ndi za mapira, koma Tryphena anali atasiya kumva.

"Ankhazi akowo abwera Loweruka?"

"Akukakamira. Akuti akufuna aone nyanja, ndi iweyo."

"Abwere. Usawauze kalikonse. Ndipo iwe, kamodzi kokha m'moyo wako, ukhale chete."

Kunyanja Tryphena anapitako ndithu, atasenza thumba pamutu, anthu akuona, ada ake akuona. M'thumbamo munali makoko a chinangwa. Chimera chenicheni chinali m'kanyumba kosungiramo maukonde, chitayalidwa kuseri kwa chilimila chakale. A NyaManda anachipeza tsiku lotsatira akufunafuna chingwe. Anachiyang'ana, anayang'ana mwana wawo, n'kunena kuti kutaya chakudya m'nyanja ndi tchimo, ndipo chizitembenuzidwa pafupipafupi chingachite chuku. 

Masiku otsalawo nyumba inali zii. Ada Mhone anasiya kupita kudoko poopa kuvuliridwa zipewa, ankangokhala pakhonde Baibulo lili pamwendo, osatembenuza tsamba. Tryphena powapatsa madzi osamba m'manja ankawamvera chisoni, chisoni chenicheni, koma osati chokwanira kusintha maganizo. Lachisanu anatengera mayi Susan sefa ija, n'kuwauza ngati chinsinsi chachikulu kuti mawa m'mawa kwawo kuchitika zinthu, koma asauze munthu.

Loweruka kunacha kowala. Ada Mhone anavala jekete lawo la maliro ndi misonkhano, anakhala pakhonde akuyeserera chapansipansi mawu okanira. Atalowa m'nyumba kukamanga tayi, ntchito imene inkawatengera nthawi ndi mkwiyo, Tryphena anathamanga. Anayala mphasa kutsogolo kwa nyumba, uku ndi uku kwa kanjira kolowera, anakhuthulirapo chimera chonse, n'kuchisalaza mwamsanga. Padzuwa chinkaoneka chambiri kuposa mmene chinalili, chofiira, chonunkhira mpaka kumsewu.

Mboni zinali zitafika kale. Mayi Susan anali kuyanika pa mpanda zovala zouma kale, akuthandizidwa ndi amayi ena amene mwadzidzidzi anali atayamba kuwakonda kwambiri. Nawonso a Cyrus, mkulu wa mpingo mnzawo wa ada Mhone, wokhala kutsidya lina la tauni, anapezeka kuti akungodutsa, ndipo anapitiriza kungodutsa ataima malo amodzi.

Ada Mhone anatuluka. Anaona mphasa. Tryphena anaona khosi lawo likufufuma pamwamba pa tayi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaganiza kuti mwina nzeru yakeyo inali yopusa ngati ya Suzgo, kuti mwina pofika masana akhala wopanda mwamuna ndiponso wopanda kwawo. Ada ake anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo pa kanjira panatulukira alendo. Patsogolo panali thenga, a Watson, bambo wamfupi wa chipewa m'manja, ndipo kumbuyo kwawo mayi wa thupi lake atavala juzi m'dzuwa la ku Nkhata Bay, akudzikupiza ndi mpango. Amenewo anali ankhazi a Suzgo, a NyaGondwe.

A NyaGondwe anaima. Anayang'ana mphasa za kumanja, anayang'ana za kumanzere. Anatsitsa kachikwama pansi, anaika dzanja pakamwa, n'kuimba nthungululu imene inadzutsa agalu mpaka kuchipatala. Anagwada, anatapa chimera, analuma kambewu kamodzi, anagwedeza mutu movomereza. Kenako anayenda chogwada mpaka pamapazi pa ada Mhone, Chichewa chawo chikusakanikirana ndi Chitumbuka chifukwa cha chimwemwe. Anati m'njira monse ankapemphera, poti anamva kuti bambo a mtsikanayu ndi ouma mtima ndipo amanyoza anthu a kumapiri. Anati anthu ndi abodza. Iwo aperekeza anyamata ambiri kokapempha ukwati, koma sanaonepo banja loyankha thenga asanatsegule pakamwa, banja lotenga mphatso ya alendo n'kuimeretsa yonse kuti chindongwa cha ukwati chikhale chokonzeka. Ngakhale kwawo komweko, anatero, ulemu wotere unatha.

A Watson, amene anali atakonza mawu opembedzera okwanira tsiku lonse, anangokhala pa mpando n'kumasula batani la jekete.

Pa mpanda zovala zinasiya kuyanikidwa. A Cyrus anasendera pafupi, manja kumbuyo.

"Ndiye chimerachi n'cha ukwati, a Mhone?"

Tryphena anali atagwada pafupi ndi khomo, maso pa nyerere zimene zinkakoka kambewu kamodzi. Sanafunikire kudzutsa mutu kuti adziwe zimene zinali kuchitika mumtima mwa ada ake, poti njira zonse anazitseka ndi iye mwini. Akati si cha ukwati, ndiye kuti n'cha mowa, ndipo a Cyrus anali pomwepo. Akati chinamera mwangozi, mayi wovala juziyo akwera nayo nkhaniyo kumapiri, yakuti a Mhone odziwa zonse sasiyanitsa mawere ndi chinangwa. Anamva maso a ada ake ali pamsana pake, olemera, otentha. 

"Nanga inu mumayesa n'cha chiyani, a Cyrus?" anatero ada Mhone pomaliza, mawu ali odekha. "Mkulu wa mpingo angameretse mawere a chiyani china?"

Atangoyamba anapeza kuti njirayo ndi yotsetsereka bwino. Anatembenukira kumpanda n'kulalikira za lilime. Anati iwo anakhala chete masiku onsewa mwadala, kuti aone amene ali ndi mitima yakuda m'tauni muno, ndipo awaona. Anauza a NyaGondwe kuti za kuviika, anthu a kunyanja saphunzitsidwa, anabadwira m'madzi, ndipo chimera chotere kumapiri sangachipeze. Mayi Susan anati iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi, ndipo ndi amene akhala akutsutsa anthu kumsika. A Cyrus anati kucheza kwa mawa kuja ndi kwa denga la tchalitchi, likudontha.

Tiyi anabwera, ndi buledi yemwe. Akuluakulu analowa m'nyumba kukakamba za malowolo. Polowa, ada Mhone anaima pamene Tryphena anagwada, osamuyang'ana.

"Thumba lija ndinakuona ukupita nalo kunyanja."

"Munandiona, ada."

Anakonza tayi. "Kumapiriko ukakachita zimenezi akakubweza. Ndipo ine sindidzakulandira ndi nthungululu." Kenako anamugwira pamutu kamodzi, mwamsanga, ngati akuchotsa kachitsotso, n'kulowa.

Tryphena anatsala panja akudikira kuti chimwemwe chimugwere, ndi nyimbo zake zomwe. M'malo mwake kunatuluka a NyaGondwe, atathawa kutentha kwa m'nyumba. Anakhala naye pansi, anamugwira manja onse awiri, anawatembenuza uku ndi uku ngati akugula nsomba. Anati ndi manja okongola, ofewa, koma asadandaule, akhwima. Anamufotokozera mwachikondi kuti lipoko salithyola ngati chimanga. Amalicheka ndi kampeni, ngala imodzi imodzi, mwezi wa Juni m'mamawa zala zitauma ndi chisanu, ndipo munda wawo ndi woyambira pano mpaka pamene anatsikira minibasi paja. Akatha kucheka n'kupuntha, akatha kupuntha n'kupeta, kenako pamphero, poti chigayo chimaononga kakomedwe. Anati iwo msana unatha, ndipo akhala akupempha Mulungu mkamwana, mkazi wa Suzgo wodzawathandiza, kwa zaka zambiri.

Tryphena anafunsa ngati Suzgo amacheka nawo. A NyaGondwe anaseka mpaka kutsokomola. Anati Suzgo chibadwire sanagwirepo kampeni, iye ndi wa lole, ndi wofotokozera anthu ubwino wake.

Tryphena anapempha kuti akagule mkaka wa tiyi wa alendo. Anatsetsereka kumsika osathamanga. Suzgo anali atakhala pa sitepe ya lole, nkhope itatuwa ndi mantha, ndipo atamuona anaimirira mwamsanga mpaka anagunda mutu pachitseko. Tryphena anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Zinali zomvetsa chisoni, koma ankamufunabe.

"Avomera?" anafunsa Suzgo.

"Avomera. Ukakwera ku Mzuzu ukagule timipeni tiwiri."

"Tiwiri ta chiyani?"

"Kamodzi n'kanga. Ndipo uwauze amalume ako kuti mwezi wa Juni lole ifune dalaivala wina."